Theka la Mwini Bwato

Fordsburg, Joni
8 Febuluwale 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Ikramu, Umi ndi mayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira pa Idi, koma chapita.

Achimwene anu a Kalilu afika. Galimoto ya Hassani inawatsitsa Lachitatu miyendo itatupa, fumbi la ku Tete lili m'ndevu, koma pakamwa ndi pomwe paja anachoka napo ku Benga. Ndisanawapatse ndi moni womwe anayamba kundiseka kuti ndanenepa ngati mlamba. Muwauze mayi kuti mwana wawo ndamulandira. Mawu amene ndinawalonjeza chaka chatha atandigwira dzanja pakhonde paja sindinaiwale: ndawaitanira kuno ndine, ndipo ndidzabwera nawo ndine.

A Haji, amwenye amene ndimawagwirira ntchito, avomera kuti alamu azinyamula makatoni ndi kusesa mu shopu. Munthu amene wakula akukoka khoka la chilimira panyanja, makatoni ndi masewera.

Munandifunsa za ntchito yanga, poti anthu akumeneko akuti ndimakonza mawailesi. Si mawailesi ayi. M'kati mwa kompyuta muli kachitsulo kolemera, timati disiki. Ndi nyumba imene kompyuta imasungamo zinthu zake, ndipo kukula kwake timawerenga magigi. Zambiri zimene timagulitsa ndi za magigi awiri. Kumayambiriro kwa disiki kuli kamalo kotchedwa tebulo. Musaseke, si lodyerapo. Ndi timizere tonena kuti chipinda choyamba chayambira apa n'kuthera apa, chachiwiri chayambira apo. Kompyuta imangomvera tebulolo. Malo amene sanalembedwe pa tebulo, kwa iyo kulibe. Ine ndimakonza disiki imodzi bwinobwino, kenaka ndimaijambula yonse pamodzi ndi tebulo lake. Chimenecho timati chithunzi, ndipo ndimachithira m'madisiki ena onse kuti afanane. Mukawauza choncho a ku mzikitiwo asiye kunditumizira mawailesi akufa.

Lachisanu tikuchokera ku mzikiti kopemphera Juma eni matekisi anayamba kuwomberana pa siteji, poti akulimbirana misewu. Anthu onse tinagona pansi, koma achimwene anu anangoima chilili, manja m'chiuno, kuonerera ngati ndi mpira. Ndinachita kuwagwetsa powakoka buluku. Munthu wogulitsa zipatso pafupi nafe sanadzukenso, malalanje ake anangomwazikira m'magazi. Izi mayi asamve.

Ndatumiza bulangete, nsapato za Ikramu ndi ndalama ya malata. Chinangwa cha kumtunda musagulitse, anthu a ku boma akakuchenjererani. Poti sukulu ndi yaulere masiku ano, Ikramu asajombe chifukwa cha usipa.

Ndine wanu,
Sharifu

Fordsburg
15 Malichi 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndalandira. Ndathokoza Allah kuti malungo a Umi atsika. Mumalizitse mankhwala onse, musasiyire panjira poona kuti wayamba kusewera. Ife tili bwino, ngakhale alamu ali ndi kabandeji pamkono.

Kabandejiko nkhani yake ndi iyi. Anthu a kuno alendo tonse amatitcha makwerekwere, akuti tikamayankhula timangomveka kwerekwere. Ife akale timangomeza mate n'kudutsa. Mlonda wa pa nyumba imene timachita lendi anawaitana choncho alamu, iwo n'kubwerera, kumugunda ndi mutu pakamwa mpaka dzino kugwa. Mlondayo anasolola mpeni n'kuwacheka pamkono. Magazi anadzaza masitepe onse, ndipo ine ndi amene ndinakolopa. Alamuwo ndinawakalipira, Rahila mkazi wanga, ndinawakalipira mpaka mawu kutha. Ndinati alamu, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo anangoti, "Alamu, kwathu munthu akakutukwana m'bwato amakamalizira m'madzi." Ndinawauza kuti kuno kulibe madzi, kuli mfuti.

Koma munthuyu kumukwiyira nthawi yaitali sizitheka. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga ndi tsache lawo ndikugawa disiki, ine n'kuwalongosolera za tebulo. Anamvetsera, kenaka anati, "Aaa, ndiye mumanamiza anthu kuti ndi ntchito ya sukulu? Uku ndi kugawa usipa pagombe basi. Theka la mwini bwato, theka la alovi okoka khoka." Ndinaseka, ndinati zikufanana ndithu. Chiyambire pamenepo aliyense wolowa mu shopu akumuuza kuti hafu-hafu. Chingerezi chawo chonse chathera pomwepo.

Ntchito yachuluka. Kwabwera kasitomala wamkulu, mwini matekisi ambiri, ife timangomutcha Wamphete chifukwa zala zake zonse ndi mphete zokhazokha. Akutsegula sukulu ya makompyuta ku lokeshoni, ndipo wagula makompyuta makumi awiri. Munthuyu sindikumukonda. Mfuti amaipachika m'chiuno poyera ngati makiyi. Dalaivala wake anachedwa kumutsegulira chitseko, iye anamumenya chibakera pamaso pathu mphuno n'kuphulika, kenaka anapukuta mphetezo ndi kapepala ka a Haji n'kupitiriza kukambirana mtengo.

Wampheteyu walipirira madisiki atsopano a magigi anayi. Vuto ndi loti chithunzi chathu ndinachijambula pa disiki ya magigi awiri, ndiye tebulo lake limanena awiri. Ukachithira mu disiki ya anayi, kompyuta iona awiri okhawo, enawo angokhala ngati munda wosalima. Pafunika kulemba mzere wachiwiri pa tebulo, kompyuta iliyonse payokha, kuti malo otsalawo akhale chipinda chachiwiri. Ndinawauza a Haji kuti andipatse tsiku limodzi. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Munthu wa matekisi amawerenga mipando, sawerenga magigi. Thira, mawa abwera kudzatenga." Wantchito alibe mawu. Ndathira.

Malata aja akhome mmisiri Yakubu, osati wa ku Benga uja, amaba misomali. Alamu akuti mayi asagulitse nyali zawo za panyanja, akadzabwera adzazifuna.

Wanu,
Sharifu

Fordsburg
15 Epulo 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti Idi munadya bwino ndi ana. Mundikhululukire malembedwe, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanjali latupa pang'ono, ndinagwa pa masitepe a ku shopu. Mlomo nawonso unagunda pomwepo, koma ndikudya.

Shopu yatsekedwa masiku ano, a Haji apita kwa abale awo ku Durban. Musatumize kalata pa adiresi ya shopu. Muzipatsira Hassani kapena dalaivala mnzake uja, iwo akudziwa kumene ndimagona.

Alamu sali kuno. Apita kwa Wamphete uja, kuli ntchito ina yokhudza makompyuta aja. Abwera posachedwa, ndikupita kukawatenga ndekha. Moni wawo sindinathe kutenga chifukwa ananyamuka mofulumira.

Mwezi uno ndalama palibe, mupirire. Ngati ufa watha, gulitsani chinangwa cha kumtunda chija, zimene ndinanena kale zija muzisiye.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Lachisanu mutume munthu kwa a Shehe, apange duwa, pemphero lotchula dzina la a Kalilu. Akafunsa chifukwa, munene kuti ndi ya paulendo. Mayi musawauze kuti ndapempha ndine.

Sharifu

Fordsburg
19 Epulo 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Muwerenge kalatayi muli nokha, ana atapita kosewera. Za masitepe zija sizoona. Ndinaopa kukudzidzimutsani, koma mtima wakana kuti mlongo wa munthu azikhala osadziwa.

Lachiwiri masana Wamphete analowa mu shopu ndi anthu ake awiri atanyamula kompyuta imodzi mwa zija. Anaiponya pa kauntala galasi n'kusweka. Mphunzitsi amene anamulemba ntchito anamuonetsa kuti makompyuta onse akunena magigi awiri, pamene iye analipira anayi. Anagwira a Haji pakhosi. A Haji, Mulungu awaone, anangoloza ine n'kunena kuti za m'kati amadziwa ndi uyo.

Chibakera choyamba sindinachione. Ndinangomva mphete zikung'amba mlomo, mano awiri akugwedera. Anthu ake anandigwira, n'kuika dzanja langa lamanja pa tebulo langa logwirira ntchito. Iye anatola disiki ina inali pomwepo n'kundimenya nayo pa zala. Akumenya akufunsa: "Magigi anga ali kuti, kwerekwere? Awiriawiri m'makompyuta makumi awiri, wadya makumi anayi! Wagulitsa kwa ndani?" Iye amaganiza kuti magigi amatapidwa ngati ufa m'thumba. Ndinkafuna kunena kuti ali momwemo, sanapite kulikonse, ndi tebulo lokha losalembedwa. Koma m'kamwa munadzaza magazi, Chingerezi chonse chinandithawa.

Pamenepo alamu anatuluka ku stolo ndi tsache lawo. Inu mukuwadziwa mmene amachitira pagombe ogula nsomba akayambana, amalowa pakati akumwetulira, manja m'mwamba. Anachita chimodzimodzi. Anati, "Bosi, no faiti. Hafu-hafu. Thuu fo yu, thuu fo ona ofu boti." Amatanthauza kuti ndi mmene zinthu zimagawidwira, palibe wabera mnzake. Iwo amayesa akundipulumutsa.

Wamphete anasiya dzanja langa, n'kuseka. Anati, "Uyu ndiye wanena zoona. Theka mwatenga." Mmodzi wa anthu ake anawamenya alamu ndi tsinde la mfuti pakhutu. Achimwene anu sanagwe. Anathyola mpini wa tsache pankhope ya munthuyo, mphuno n'kupindika, wachiwiriyo anamunyamula n'kumuponya pa mashelefu. Zikanakhala za manja okha, Rahila, bwenzi atawatha onse atatu. Koma Wamphete anawombera padenga, kenaka anawaika mfuti pakamwa. Anawaponda m'nthiti ali pansi, anawakokera panja miyendo ili m'mwamba mutu ukugunda pakhomo, n'kuwaponya mu tekisi. Anthu a mashopu ena anangoima m'makhonde kuonerera. Wamphete anabweranso, anandiponda pachifuwa n'kunena kuti, "Bweretsa magigi anga, udzatenga m'bale wako."

Sananene kuti ndikawapereke kuti. Adiresi ya sukuluyo ili m'mabuku a a Haji, ndipo a Haji anatseka shopu tsiku lomwelo n'kuthawa. Kupolisi sindingapite. Mapepala anga anatha kalekale, akanditsekera n'kundibweza ku Malawi, ndiye alamu awafune ndani? Ndakhala ndikuyenda m'masiteji a matekisi kufunsa. Ukatchula za mphete anthu amayang'ana kumbali. Wina anandimenya mbama chifukwa chofunsa kawiri.

Dzulo ndinakumana ndi a Benedicta, mayi wa ku Nkhunga amene amaphika zakudya pa siteji. Anandimva ndikudziyankhulira Chichewa. Anandisambitsa zala ndi madzi amchere, ndipo akuti dalaivala wina amene amadya kwa iwo akudziwa malowo. Kadisiketi kogawira madisiki kali m'thumba la jekete yanga. Ntchito yake ndi yochepa kwabasi, ndi chimene chikundipweteka kuposa zalazi. Ndikapita, ndikakonze, ndibwere nawo.

Mupemphere. Mayi asamve kanthu mpaka ndilembenso.

Sharifu

Fordsburg
22 Epulo 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Ndili moyo. Ndinapita, ndabwerako ndekha.

Dalaivala uja ananditsitsa patali, anakana kufika pafupi. Sukuluyo ndi holo ya njerwa kuseri kwa garaja ya matekisi. Ndinafika m'mawa. Anandisecha, anandivula nsapato, n'kundikankhira m'kati. Makompyuta onse anali pamzere. Wamphete anakhala pampando pakhomo akudya nyama yowotcha, mfuti ili pamwendo. Ndinafunsa kuti m'bale wanga ali kuti. Anati magigi kaye.

Ndinagwira ndi dzanja lamanzere. Kulowetsa kadisiketi, kutsegula tebulo, kulemba mzere wachiwiri, kuzimitsa, kuyatsa. Chipinda chachiwiri chinatulukira, magigi awiri athunthu, opanda kanthu, monga mmene analili chigulire. Mphunzitsi uja anayang'ana n'kugwedeza mutu kuti zoona, akwana anayi. Sanandiyang'ane kumaso. Iyenso anali ndi diso lotupa.

Nditamaliza yoyamba Wamphete anawomba m'manja. Anaitana madalaivala ake kuti adzaone. Anati, "Mwaona? Kwerekwere ukamufinya amasanza zimene wadya." Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndikuchita. Kompyuta iliyonse imene ndimakonza inali umboni kwa iwo woti tinabadi ndipo tsopano tikubweza. Ndinaganiza zosiya. Koma ndikasiya, alamu? Ndinapitiriza, iwo akuwerenga mokweza ngati ana a sukulu, akuseka.

Nditatha zonse mtima unandipsa, ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Bwana, magigiwa sanachokemo. Anali momwemo nthawi yonseyi. Palibe anaba." Anadzuka pang'onopang'ono, anapukuta mafuta m'manja, n'kundilowetsa mfuti m'khutu mpaka kumva kuwawa ku ubongo. Anati, "Ndiye ukuti ine ndine chitsiru? Ndamenya anthu pachabe?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye nena kuti munaba. Nena mokweza, amve onse."

Rahila, ndinanena. Ndinati ine ndi m'bale wanga tinaba. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Chibadwire sindinachitepo manyazi otere, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakhululukidwa poika dzina la achimwene anu pa bodza limenelo.

Kenaka ndinati, tsopano ndipatseni m'bale wanga. Anayang'anana n'kuseka. Uja anathyoledwa mphuno anati, "Ameneyo tinamutsitsa tsiku lomwe lija pamsewu waukulu. Amatidetsera mipando." Ndinamulumphira pakhosi. Zimene zinachitika pambuyo pake sindikuzikumbuka bwino. Ndinadzidzimuka ndili m'ngalande kunja kwa mpanda, nsapato palibe, nthiti zikubaya ndikamapuma.

Mawa ndiyamba kuyenda m'zipatala. A Benedicta akuti ndiyambire kumene amasunga mitembo kuti mtima ukhale m'malo, koma ine ndakana. Ndiyambira kwa amoyo.

Sharifu

Fordsburg
3 Meyi 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Alhamdulillahi, ndawapeza! Ali moyo. Pukutani misozi, muyambe mwathokoza Mulungu musanawerenge zotsalazi.

Ali m'chipatala china chachikulu cha boma. Anatoledwa m'mbali mwa msewu ndi anthu a lole, ndipo poti analibe pepala lililonse, pa bedi pawo panalembedwa kuti munthu wosadziwika. Ndinadutsa bedi limenelo osawazindikira. Mutu watupa, nkhope yonse ndi mabandeji, nsagwada anazimanga ndi waya. Chinandibweza ndi chala chachikulu cha kumanja, chipsera cha mbedza chija anabayidwa ali mnyamata. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, anesi mpaka kundidzutsa.

Sindikubisirani. Nthiti zathyoka zingapo, mwendo wamanzere wathyoka pawiri, ndipo adokotala akuti m'mutu munakha magazi. Akuwamwetsa phala ndi kapaipi. Masiku oyamba sankadziwa munthu. Koma Lachinayi nditawaitana kuti alamu, anatsegula diso limodzi n'kundifinya dzanja, dzanja lomwe lothyokali, mpaka ndinakuwa. Mphamvu za chilimira zikadalipo.

Dzulo anayankhula. Mawu amatuluka m'mano movutikira, ndinachita kuika khutu pakamwa. Sanafunse za mwendo wawo, sanafunse kuti ali kuti. Anati, "Magigi aja anapezeka?" Ndinati anapezeka onse, anali momwemo. Anati, "Ndiye sitinabe." Ndinati sitinabe, alamu. Anatseka diso, ndipo ndikuganiza kuti amamwetulira. Zimene ndinanena kwa Wamphete zija sindinawauze, ndipo inunso musadzawauze.

Kenaka anati akufuna kondowole ndi chambo chowotcha. Ndinati ndi waya ameneyu mudya bwanji? Anati ndiwatafunire ine poti ndimakonda kudya za anzanga. Mukuona munthu wake?

Tsopano mverani. Hassani anyamuka kuno kumapeto a mwezi. Ndalankhula naye, ndatenga mpando wonse wakumbuyo kuti alamu adzagone chogona mpaka pa Benga. Wailesi yanga ndi jekete ndagulitsa, zakwanira. Za Joni ine ndathana nazo. Muwauze mayi kuti mwana wawo anavulala pa ntchito, akuchira, ndipo ndikubwera naye monga ndinanenera. Mukonze chipinda chakumadzulo chija, muike mphasa ziwiri ndi matiresi athu. Musinje ufa wa mpunga wosalala wa phala, chifukwa kutafuna atenga nthawi. Ikramu akadule ndodo yolimba ya mphanda.

Ndikupita kuchipatala tsopano, nthawi yoona odwala yayandikira.

Wanu,
Sharifu

Fordsburg
24 Meyi 1998

Amake Ikramu,

Asalamu alaikumu. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiuna.

Rahila, achimwene anu atisiya Lachitatu m'mawa. Anali akupeza bwino, mpaka anayamba kukhala tsonga ndi kuseka anesi. Lolemba anadandaula mutu, anasanza, kenaka anagona osadzukanso. Adokotala akuti magazi aja anayambiranso m'mutu. Ndinali pomwepo. Ndinawanong'oneza shahada, mawu a chikhulupiriro chathu, m'khutu, ndinawatseka maso ndi dzanja langa.

Ndinayesetsa kuti thupi libwere kwathu. Mtengo wake ngakhale titagulitsa nyumba ndi munda sitingaukwanitse, ndipo a Shehe a kuno anati Msilamu sasungidwa m'madzi oundana kudikira ndalama. Tinawasambitsa ine ndi anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi. Posambitsa ndi pamene ndinaona zonse zimene anthu aja anawachita pamsana, ndipo zimenezo ndidzafa nazo ndekha. Tinaika tsiku lomwelo itatha swala ya madzulo ya Asiri, kumanda a Asilamu. Anthu anabwera ambiri ndithu. A Benedicta, ngakhale ndi a mpingo wina, anaphikira onse.

A Haji anabwerako ku Durban. Sanda, nsalu yokulungira thupi ija, anagula ndi iwo. Lachisanu anandiitana ku shopu, galasi aika latsopano. Anandipepesa, kenaka anandiuza kuti kuyambira tsopano kompyuta iliyonse izituluka italembedwa mzere wachiwiri pa tebulo, ngakhale zitenge tsiku lonse. Ndiye anawonjezera kuti Wamphete wasangalala ndi ntchito yanga, akufuna makompyuta ena khumi, ndipo akuti akonze yemwe uja, kutanthauza ineyo. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinawakoka ndevu mpaka chipewa kugwa, ndinatola disiki imene munali chithunzi chija n'kuiponya pa galasi latsopanolo. Anthu anandigwira. Malipiro anga a mwezi watha atsala komweko, sindikuwafuna.

Wamphete akuyendabe ndi matekisi ake, ana akuphunzira pa makompyuta aja. Ku siteji nkhani imene ikuyenda ndi yoti makwerekwere awiri anamubera ndipo anawaphunzitsa. Nkhani imeneyi ikhoza kufika kumeneko ndi anthu apaulendo. Ikafika, inu muimirire pakati pa mudzi munene kuti Kalilu sanabe kanthu. Munthu amene sankadziwa ndi poyatsira kompyuta pomwe akanaba bwanji za m'kati mwake? Anafa chifukwa analowa pakati kuleretsa, monga ankachitira pagombe, ndiponso chifukwa ine ndinaseka n'kuwavomereza kuti kugawa disiki ndi kugawa usipa.

Mwina sanalakwitse n'komwe. Tinabwera kuno awiri, Joni watenga theka lake ngati mwini bwato.

Kalatayi ndapatsira dalaivala amene akunyamuka lero, ifika ine ndisanafike. A Shehe muwauze, akonzekere duwa. Koma mayi musawauze inu. Dzanja limene anagwira pakhonde paja ndi langa, ndidzawauza ndekha nditagwada. Ndikubwera ndi chikwama cha alamu, kofiya yawo yovala kumutu ndi nsapato zimene alamuwo anagulira mayi ndi malipiro awo oyamba.

Phala lija mwetsani ana. Matiresi mubweze kuchipinda kwathu. Ndodo imene anadula Ikramu ija muibise, ndisaione.

Tinyamuka Loweruka. Mpando wakumbuyo uja Hassani waikapo katundu wa anthu. Mukadzamva kuti galimoto yaima pa Benga, muwagwire mayi, asathamangire kumsewu. Adzatsika munthu mmodzi.

Sharifu